Kodi ndi ntchito ziti zimene ziyenera kukhala mkati mwa callback ya transaction?

Tadala, Rosettenville

Moni kwa nonse amene mumalemba mapulogalamu a kompyuta kuno ku Johannesburg. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kwa milungu iwiri, ndipo ndikupempha kuti mundilezere mtima, chifukwa ndiyenera kufotokoza mwatsatanetsatane kuti muone pamene ndaima.

Masana ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono ku Braamfontein, koma madzulo ndimathandiza bungwe lathu la maliro, limene ife Amalawi okhala cha kuno tinakhazikitsa pofuna kuti mnzathu akatisiya, thupi lake lizitha kupita kumudzi popanda abale kuyenda khomo ndi khomo kupempha thandizo. Membala aliyense amasonkha R150 pamwezi, ndipo ambiri amapereka pamsonkhano wa Lamlungu loyamba la mwezi. Kale zonse zinkalembedwa m'kaundula wa pepala, koma chaka chatha ndinadzipereka kulemba pulogalamu ya Java pogwiritsa ntchito zida za Spring Boot ndi JdbcTemplate komanso database ya PostgreSQL, kuti alembi athu atatu azilowetsa zopereka pafoni pamsonkhano pomwepo.

Poyamba ndinaika @Transactional, chizindikiro cha Spring chotsegulira transaction (gulu la ntchito za mu database zimene zimasungidwa zonse kapena kutayidwa zonse), pamwamba pa method yolemba chopereka, koma sinkagwira ntchito, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti chifukwa chake chinali chakuti method imeneyo ndinkaiitana kuchokera m'class yomweyo, motero kuitanako sikunkadutsa pa proxy, mkhalapakati amene Spring imadalira potsegula transaction. Pamenepo ndinasamukira ku TransactionTemplate, imene inandisangalatsa chifukwa malire a transaction amaoneka ndi maso mu code: umaitana method yake ya execute n'kuipatsa callback, kachigawo ka code kamene iyo imayendetsa mkati mwa transaction, ndipo zonse zimene zili mu callback imeneyo zimayenera kusungidwa pamodzi kapena kutayidwa pamodzi.

Mu callback yanga muli ntchito zinayi zotsatizana motere. Choyamba ndimalemba mzere watsopano m'tebulo la zopereka. Kenako ndimatumiza SMS kwa membala kudzera ku kampani ina yotumiza mauthenga. Kenako ndimawerenga ndalama zonse zimene membalayo wasonkha kale, n'kuonjezerapo za tsikulo, n'kulemba chiwerengero chatsopano m'tebulo la mamembala. Pomaliza ndimalemba lisiti, limene nambala yake ndimaipeza poyang'ana nambala yaikulu imene ilipo kale n'kuonjezerapo 1. Ntchito zinayizi ndinazikulunga mu try ndi catch, zimene zimagwira vuto likachitika, mkati mwa callback momwemo, ndipo catch imangolemba vutolo mu log, kaundula wa zochitika za pulogalamu, chifukwa sindinkafuna kuti mlembi aone uthenga woopsa pafoni anthu ataima pamzere kumudikira.

Pamsonkhano wa mwezi watha panachitika zinthu zitatu. Mayi wina analandira SMS yotsimikiza kuti R150 yawo yalandiridwa, koma titayang'ana mu database sitinapezemo chopereka chawo, ndipo zinandipweteka kuona mayi wachikulire akuonetsa foni kwa msungichuma ngati kuti pali wina amene akuwakayikira. Bambo wina chopereka chawo chinalembedwa bwinobwino, koma chiwerengero cha ndalama zawo zonse sichinasinthe, lisiti silinatuluke, ndipo SMS sanalandire. Chachitatu, chapakati pa msonkhano pulogalamu inangoima kwa aliyense, ngakhale kwa mamembala amene ankangofuna kuona ndalama zawo, ndipo patapita masekondi pafupifupi 30 log inadzaza ndi madandaulo akuti connection, njira yolumikizirana ndi database, sikupezeka.

Funso langa lili pawiri. Kodi zatheka bwanji kuti transaction imodzi isunge theka la ntchito, pamene cholinga chake chenicheni ndi kuletsa zimenezo? Nanga pa ntchito zinayi zija, ndi ziti zimene zikuyenera kukhala mu callback, ndipo ndi ziti zimene ndiyenera kuzitulutsa? Ndalama zimenezi ndi za maliro, ndipo sindikufuna kuti tsiku lina banja lidzauzidwe kuti m'bale wawo anasiya ngongole chifukwa cha kulakwitsa kwanga.

Mayi Nachisale, Randburg

A Tadala, mwachita bwino kufotokoza mndandanda wa ntchito zinayizo, chifukwa yankho la funso lanu loyamba lili pomwepo. TransactionTemplate simawerenga log yanu, ndipo sidziwa zimene zachitika mkati mwa callback. Chimene imayang'ana ndi mmene callback yatulukira. Ikatuluka mwamtendere, TransactionTemplate imachita commit, kutanthauza kusunga zonse mu database. Ikatuluka ndi RuntimeException kapena Error, zomwe ndi zizindikiro za vuto (exception) mu Java, imachita rollback, kutanthauza kutaya zonse, n'kuponya exception ija kwa amene anaitana execute. Palinso njira yachitatu, yakuti inu eni muitane setRollbackOnly pa TransactionStatus imene callback imalandira, ndipo mukatero rollback imachitika ngakhale callback itatuluka mwamtendere. Catch yanu inkameza exception iliyonse popanda kuiponyanso komanso popanda kuitana setRollbackOnly, choncho nthawi yonseyi mwakhala mukuuza Spring kuti zonse zayenda bwino.

Taonani tsono mmene catch imodziyo inabalira mavuto awiri osiyana. Kwa bambo aja, ndikukhulupirira kuti log yanu ikuonetsani kuti kampani ya SMS inachedwa kuyankha mpaka nthawi yodikira inatha. Vuto limenelo linachitikira ku mbali ya Java, ndipo PostgreSQL sinalione n'komwe. Pulogalamu inalumpha ntchito yachitatu ndi yachinayi n'kugwera mu catch, callback inatuluka mwamtendere, ndipo commit inasunga chimene inapeza, chomwe ndi mzere wa chopereka wokha. Kwa mayi aja zinayenda mwa mtundu wina: SMS inapita, koma alembi awiri anawerenga nambala yaikulu ya lisiti pa nthawi imodzi n'kupeza nambala yofanana, ndipo ngati munaika unique constraint (lamulo loletsa kubwereza) pa nambalayo, monga ndikuganizira, PostgreSQL inakana lisiti lachiwiri. Khalidwe la PostgreSQL ndi lakuti lamulo limodzi la SQL likalephera mkati mwa transaction, transaction yonseyo imakhala yowonongeka, malamulo otsatira amakanidwa ndi nambala ya vuto ya SQLSTATE 25P02, ndipo ngakhale mutatumiza COMMIT chimene chimachitika ndi rollback. N'chifukwa chake chopereka cha mayiwo chinafufutika uthenga utafika kale pafoni yawo. Mukanakhala pa MySQL ndi InnoDB, lamulo la lisiti lokhalo ndi limene likanabwezedwa ndipo transaction ikanapitirira, motero mukanakhala ndi chopereka chopanda lisiti. Ndatchula zimenezi kuti muone kuti kumeza exception kumasiya chigamulo m'manja mwa database, ndipo ma database sagamula mofanana.

Choncho try ndi catch zitulukemo mu callback, zikazungulire execute kunja. Kumeneko mukhoza kumuonetsa mlembi uthenga waulemu womuuza kuti ayesenso, pamene rollback yachitika kale. Ndikudziwa chimene chimakokera ambiri kuika catch mkati: method ya callback, imene dzina lake ndi doInTransaction, silola checked exception (mtundu wa exception umene compiler imakakamiza kuti ugwidwe kapena ulengezedwe) kutuluka, ndiye compiler ikadandaula munthu amangoigwira kuti phokoso lithe. Chofunika pamenepo ndi kuikulunga mu RuntimeException n'kuiponyanso. Ndipo musaganize kuti @Transactional ikanakupulumutsani pa nkhani imeneyi, chifukwa iyo, ngati simunaiuze zina, imachita rollback pa RuntimeException ndi Error zokha, pamene pa checked exception imachita commit.

Pa funso lanu lachiwiri, ine ntchito iliyonse ndimaifunsa kuti: kodi rollback ingathe kuibweza? Mawu akuti ACID, chidule cha malonjezo anayi a transaction, amene Theo Härder ndi Andreas Reuter anawabweretsa mu 1983, amalonjeza kuti transaction imachitika yonse kapena sichitika n'komwe, koma lonjezo limenelo limakhudza zokhazo zimene zili mu database. Mzere wa chopereka ungabwezedwe, chiwerengero cha membala chingabwezedwe, lisiti lingabwezedwe. SMS ikafika pafoni ya munthu, madzi akatayika saoleka. Itulutseni mu callback.

Pali vuto lachinayi limene simunalione chifukwa silinakuonekereni pamsonkhano, koma lilipo. Kuwerenga chiwerengero cha membala, kuonjezera ku Java, kenako n'kulemba, sikotetezeka ngakhale kuli mkati mwa transaction, chifukwa pa nkhani ya isolation, yomwe ndi kulekanitsa ma transaction oyenda nthawi imodzi, PostgreSQL imayendera mlingo wa Read Committed ngati simunasankhe wina, ndipo pa mlingo umenewo alembi awiri angathe kuwerenga chiwerengero chimodzimodzi, aliyense n'kuonjezera zake, ndipo wolemba pomaliza amafufuta za mnzake popanda exception iliyonse. Zimenezi zingachitike membala akapereka za miyezi iwiri kudzera kwa alembi osiyana, kapena mwamuna ndi mkazi wake akapereka pa dzina limodzi. Lembani UPDATE imodzi imene ikuonjezera ndalamazo pa chiwerengero chimene chili m'tebulo, kuti kuonjezerako kuchitikire mu database pamene mzere uli ndi loko. Koma kwa bungwe laling'ono ngati lanu, ine ndikanachotseratu chiwerengerocho m'tebulo la mamembala n'kumachipeza ndi SUM kuchokera m'tebulo la zopereka nthawi iliyonse chikafunidwa, chifukwa nambala imene yasungidwa pawiri ndi imene imadzatsutsana yokha.

Bambo Mbewe, Midrand

Ndikugwirizana ndi zonse zimene mayi Nachisale afotokoza, ndipo ine nditenga vuto lachitatu, la pulogalamu kuima, chifukwa nalonso gwero lake ndi SMS yomweyo. Kuyambira pa Spring Boot 2.0, imene inatuluka mu 2018, pool (nkhokwe imene pulogalamu imabwerekamo ma connection) imene imabwera yokha ndi HikariCP, ndipo ngati simunasinthe kalikonse imakhala ndi ma connection 10, komanso wopempha connection amadikira masekondi 30 asanauzidwe kuti palibe. Masekondi 30 amene munawaona mu log ndi amenewo. Execute ikatsegula transaction imatenga connection imodzi n'kuimangirira ku thread (njira imodzi yoyendetsera code) imene ikuyendetsa callback, ndipo connection imeneyo sibwerera ku pool mpaka transaction itatha. Pamene pulogalamu yanu inkadikira kampani ya SMS, connection inali chikhalire m'manja mwake osagwira ntchito iliyonse. Mlembi akaona kuti foni yachedwa amadinanso batani, kenako amadinanso, ndipo alembi atatu okha angathe kumaliza ma connection 10 m'kanthawi kochepa. Zikadzachitikanso, yang'anani mu pg_stat_activity, mndandanda wa PostgreSQL wa ma connection otsegula, ndipo mudzaona mizere imene state yake ndi "idle in transaction". Musathamangire kukulitsa pool, chifukwa kutero kungochedwetsa vutolo ndi mphindi zochepa. Kuyambira pa PostgreSQL 9.6 pali idle_in_transaction_session_timeout, imene imadula session yokhala nthawi yaitali mu mkhalidwe umenewu; ndi chitetezo chabwino kuchiika, koma si mankhwala a nthenda yanu.

Tsono SMS ikatuluka mu callback, ipite kuti? Njira yapafupi ndi kuitumiza pa mzere wotsatira execute ikabwerera, chifukwa pamenepo commit yachitika ndipo connection yabwerera ku pool. Njira imeneyi ndi yolondola pokhapokha ngati palibe transaction ina yakunja imene inatsegulidwa kale execute isanaitanidwe. TransactionTemplate imayendera propagation ya REQUIRED ngati simunaisinthe, kutanthauza kuti ikapeza transaction yotsegula imangolowa momwemo, ndipo zikatero kubwerera kwa execute sikutanthauza kuti commit yachitika.

Ambiri adzakuuzani kuti mugwiritse ntchito callback ina, ya afterCommit, imene mumailembetsa kudzera mu registerSynchronization ya TransactionSynchronizationManager, kapena @TransactionalEventListener imene inabwera mu Spring 4.2. Zimenezi zimathetsadi vuto la mayi aja, chifukwa uthenga supita ngati commit sinachitike. Koma pali zinthu ziwiri zimene ndinaziphunzira movutikira pa ntchito ina imene ndinagwirapo. Choyamba, afterCommit imayenda pa thread yomweyo connection isanabwezedwe ku pool, choncho kampani ya SMS ikachedwa, pool yanu idzaumanso monga kale. Chachiwiri, chilichonse chimene mungalembe mu database muli mu afterCommit sichikhala ndi commit ina yochitsatira, pokhapokha mutatsegula transaction yatsopano ndi REQUIRES_NEW. Munthu amalemba kuti "SMS yatumizidwa" m'tebulo, palibe exception, koma mawa lake akayang'ana sapezamo kanthu.

Njira zonse ziwirizi zili ndi mpata umodzi wofanana, wakuti seva ikazima pakati pa commit ndi kutumiza, uthengawo watayika ndipo palibe amene angadziwe. Ife okhala mu mzinda uno sitifunika kuuzidwa kuti magetsi amazima. N'chifukwa chake ine ndimakonda njira imene imatchedwa outbox. M'malo motumiza SMS, callback ilembe mzere m'tebulo la mauthenga odikira, wokhala ndi nambala ya foni ndi mawu a uthengawo. Mzere umenewo ndi ntchito ya database, motero umasungidwa kapena kutayidwa pamodzi ndi chopereka. Kenako pakhale kantchito kena koyenda pakapita masekondi angapo, kamene kamatenga mauthenga osatumizidwa, kuwatumiza, n'kuwaika chizindikiro. Ngati mudzakhale ndi otumiza oposa mmodzi, PostgreSQL kuyambira pa 9.5 ili ndi FOR UPDATE SKIP LOCKED, imene imalola aliyense kutenga mizere imene mnzake sanaigwire.

Ndikuuzeni poyera kuti outbox nayonso ili ndi mtengo wake. Seva ikazima uthenga utapita koma chizindikiro chisanalembedwe, uthengawo udzapitanso kachiwiri. Ikani nambala ya lisiti mu SMS iliyonse, kuti membala akalandira mauthenga awiri aone kuti akunena za chopereka chimodzi. Kwa ine, membala kulandira uthenga umodzi kawiri ndi chinthu chopiririka poyerekeza ndi kulandira uthenga wa ndalama zimene sizili m'kaundula.

Tadala, Rosettenville

Zikomo kwambiri mayi Nachisale ndi bambo Mbewe. Ndabwerera ku log ya tsiku lija, ndipo zonse zili monga mwanenera: pa nthawi ya bambo aja pali timeout ya kampani ya SMS, ndipo pa nthawi ya mayi aja pali kukanidwa kwa nambala ya lisiti yobwereza. Ndatulutsa catch, ndapanga tebulo la mauthenga odikira, ndipo chiwerengero cha membala tsopano chikuchokera ku SUM.

Koma poyesa ndakumana ndi zina ziwiri. Pali tsamba limene msungichuma amalowetsapo zopereka zambiri nthawi imodzi, za mamembala amene anatumiza ndalama ku banki chifukwa amagwira ntchito Lamlungu. Method ya tsamba limenelo idakali ndi @Transactional, imene apa ikugwiradi ntchito chifukwa imaitanidwa kuchokera ku controller, ndipo imazungulira pa mndandanda wa zopereka, kuitana execute pa chilichonse, n'kugwira exception kunja kwa execute monga mwandilangizira, kuti chopereka chimodzi cholakwika chisaletse zinzake. Nditayesa ndi zopereka 20, chimodzi chili ndi nambala ya membala yolakwika mwadala, mndandanda unayenda mpaka kumapeto, kenako ndinalandira UnexpectedRollbackException ndipo zonse 20 sizinasungidwe. Kodi catch ya kunja kwa execute nayonso ndi yolakwika?

Chachiwiri ndi nambala za malisiti. Ndinafuna kugwiritsa ntchito sequence, chida cha PostgreSQL chopereka manambala otsatizana, koma ndaona kuti rollback ikachitika nambalayo imalumphidwa. Msungichuma wathu ndi bambo amene anazolowera buku la malisiti la pepala, ndipo anandiuza kuti lisiti la nambala 41 likatsatizana ndi la 43, mamembala adzafunsa kumene kwapita 42, ndipo iwo alibe yankho limene lingakhutiritse munthu wokayikira. Ndikuona kuti akunena zoona, chifukwa m'bungwe la ndalama mphekesera imayamba ndi kanthu kakang'ono.

Mayi Nachisale, Randburg

Catch yanu ili pamalo oyenera, a Tadala. Cholakwika ndi transaction yakunja ija, ndipo izi ndi zimene bambo Mbewe anakuchenjezani pa nkhani ya REQUIRED. Popeza @Transactional inatsegula kale transaction, ma execute anu onse 20 sanatsegule transaction zawozawo, koma analowa mu imodzi yomweyo. Execute ya chopereka cholakwika itaona exception, sikanatha kuchita rollback yokha chifukwa transaction sinali yake, choncho inangoiika chizindikiro cha rollback-only. Inu munagwira exception n'kupitirira, koma chizindikirocho chinatsala, ndipo method yakunja itafika pa commit, Spring inachita rollback n'kukudziwitsani ndi UnexpectedRollbackException, kuti musaganize kuti zasungidwa.

Musanasinthe code, funsani msungichuma chimene akufuna, chifukwa limeneli ndi funso la bungwe osati la Java. Ngati akufuna kuti mndandanda wonse ulowe kapena ukanidwe wonse, transaction ikhale imodzi ndipo musagwire exception pakati. Ngati akufuna kuti chopereka chilichonse chiime pachokha, monga mmene mwafotokozera, chotsani @Transactional pa method yakunja, kuti execute iliyonse itsegule ndi kutseka transaction yakeyake, ndipo pamapeto mumuonetse mndandanda wa zimene zakanidwa. Wina angakuuzeni kuti musiye yakunjayo n'kuika REQUIRES_NEW pa TransactionTemplate, koma dziwani kuti pamenepo thread imodzi imagwira ma connection awiri, wakunja ndi wamkati, ndipo ndi pool ya 10 mungafike poti ma thread onse agwira connection yoyamba n'kumadikira yachiwiri imene palibe angaipereke. Palinso NESTED, imene imagwiritsa ntchito savepoint (malo obwererapo mkati mwa transaction) ndipo imayenda ndi DataSourceTransactionManager, koma sindikuona chifukwa choisankhira pamene kuchotsa mzere umodzi kukukwanira.

Za malisiti, mwaona bwino: nextval ya sequence sibwezedwa ndi rollback, ndipo PostgreSQL inapangidwa choncho mwadala kuti ma transaction asamadikirane pa nambala. Ngati mipata sikuloledwa, pangani tebulo laling'ono la mzere umodzi losunga nambala yomaliza, ndipo mu callback muchite UPDATE yoonjezera 1 yokhala ndi RETURNING kuti mulandire nambalayo. UPDATE imeneyo imaika loko pa mzerewo mpaka commit kapena rollback, motero mlembi wachiwiri amadikira woyamba, ndipo rollback ikachitika nambalayo imabwerera. Zimenezi zikutanthauza kuti zopereka zonse zidzadutsa pakhomo limodzi chimodzichimodzi. Pa banki yaikulu sindikanalangiza zimenezi, koma kwa alembi atatu kudikirako sikudzaoneka n'komwe, malinga ngati mu callback mwatsala ntchito za database zokha. SMS ija ikanakhala idakali mkatimo, loko ameneyu akanaimitsa msonkhano wonse kampani ya SMS ikangochedwa.

Limbani, Yeoville

Achimwene a Tadala, ine ndimalemba kwambiri Python, ndipo ku Django, chida cha Python cholembera mapulogalamu a pa intaneti, nkhani ndi yomweyi: pali transaction.atomic imene imaika malire, ndi transaction.on_commit, imene inabwera mu Django 1.9, yolembetsera ntchito yoti ichitike commit ikatheka, ndipo nakonso kugwira exception ya database mkati mwa atomic n'kupitirira kumabweretsa mavuto ngati anuwa. Ndaona kuti ndionjezere mfundo imodzi imene bambo Mbewe anaikhudza podutsa, ya mlembi kudina batani kangapo.

Transaction yolembedwa bwino siletsa chopereka chimodzi kulowa kawiri, chifukwa kwa database kudina kuwiri ndi ma transaction awiri, onse olondola. Netiweki ya foni ikadula commit itachitika koma yankho lisanafike kwa mlembi, iye adzaganiza kuti zalephera ndipo adzatumizanso. Pamene tsamba likutsegulidwa, lipatseni nambala yapadera monga UUID, ibwere pamodzi ndi chopereka, ndipo muike unique constraint pa iyo m'tebulo la zopereka. Kudina kwachiwiri kudzakanidwa ndi database, rollback idzachitika, ndipo mu catch ya kunja ija mudzangotenga lisiti loyamba n'kumuonetsa mlembi.

Komanso ngati tsiku lina mudzakweze mlingo wa isolation kufika pa Repeatable Read kapena Serializable, PostgreSQL idzayamba nthawi zina kukana transaction ndi SQLSTATE 40001, ndipo deadlock (ma transaction kudikirana loko popanda wosiya) imabwera ndi 40P01 pa mlingo uliwonse. Mankhwala a zonse ziwirizi ndi kuyesanso transaction yonse kuchokera pachiyambi. Kuyesanso kumeneko kuzungulire execute, osati kukhala mkati mwa callback, chifukwa transaction yowonongeka singapitirire, komanso pa Serializable kukanidwako kungabwere pa commit penipeni, callback itatuluka kale. Izi zikutanthauza kuti callback yanu ingayendetsedwe kawiri kapena katatu pa chopereka chimodzi, choncho isasinthe mndandanda kapena chiwerengero chilichonse cha ku Java chimene chili kunja kwake. Ibweze zotsatira zake kudzera mu return, ndipo zina zonse zichitike execute ikabwerera.

Tadala, Rosettenville

Ndalankhula ndi msungichuma dzulo madzulo monga munanenera mayi Nachisale, ndipo asankha kuti chopereka chilichonse chiziima pachokha, koma iwo aziona mndandanda wa zokanidwa asanatseke tsambalo. Ndachotsa @Transactional yakunja, ndipo pa zopereka 20 zija, 19 zasungidwa ndi malisiti otsatizana popanda mpata. UUID ija ndiiyika usiku uno, achimwene a Limbani, ndipo ndiyesa pozimitsa intaneti ya foni batani nditangolidina.

Chopereka cha mayi aja tachilowetsanso pogwiritsa ntchito SMS imene ili pafoni yawo ngati umboni, ndipo wapampando anawapepesa pamaso pa komiti. Komiti yagwirizana kuti pa misonkhano iwiri ikubwerayi kaundula wa pepala akhalenso patebulo, kuti madzulo ake ine ndi msungichuma tizifananitsa mzere ndi mzere ndi zimene zili mu database. Bambo Mbewe, ndatsala ndi funso limodzi pa tebulo la mauthenga odikira: nambala ya foni ikakhala yolakwika ndipo kampani ya SMS ikukana uthengawo nthawi zonse, kodi inu mumayesa kangati musanausiye n'kudziwitsa mlembi kuti aimbire membalayo?